Tiyi ndi impso zodwala

Owerenga ena a ku Libuyu, mumzinda wa Livingstone, andifunsa ngati wodwala impso asiye tiyi wamasamba n'kuyamba kumwa wa zitsamba, monga chammwamba kapena chidede, amene ogulitsa amati amatsuka thupi. Ine ndikuona kuti ngozi yaikulu ili mu wa zitsambayo. Impso zodwala zili ngati sefa yotsekeka maso: zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi potaziyamu, amene akachuluka amasokoneza kugunda kwa mtima, ndipo ufa wa chammwamba uli naye wambiri. Chidede nacho chimatsitsa kuthamanga kwa magazi, choncho chingawonjezere mphamvu ya mapiritsi a BP amene odwala impso ambiri amamwa kale.

Ena adzati zachilengedwe sizipweteka, makolo athu ankamwa. Koma ku Brussels, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, azimayi ambiri anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi amene munalowa chitsamba cha Aristolochia. Kapaketi ka pamsika kopanda cholembedwa sikanena zimene asakanizamo.

Tiyi wamasamba wosalowerera kwambiri, kapu imodzi kapena ziwiri patsiku, ambiri samawavuta, bola mkaka ukhale wochepa. Kwa amene amadwala timiyala ta mu impso, tiyi wa rooibos wa ku South Africa ndiye wabwinoko. Ndipo ngati adokotala pachipatala chachikulu cha Livingstone anakuikirani muyezo wa madzi a patsiku, kapu ya tiyi muziiwerengera momwemo.