Njira ya Lamulo Yoitanitsira Ngongole ndi Cheke Chokanidwa

Malonda ambiri a m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga amayenda pa kukhulupirirana. Wogula usipa ku Senga Bay amanyamula katundu n'kulonjeza kudzalipira akakagulitsa ku Lilongwe. Mlimi wa ku Ngolowindo amapereka ndiwo zamasamba kumalo ogona alendo n'kudikira malipiro a kutha kwa mwezi. Lonjezo likasweka, ena amathamangira kupolisi, ena amakalanda ukonde kapena injini ya boti. Zonse ziwirizi si njira imene malamulo anaika, ndipo kulanda katundu kungachititse kuti mwini ndalama ndiye aimbidwe mlandu.

Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Choncho ngongole wamba ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, yoweruzidwa kukhoti, osati ya apolisi. Apolisi amalowererapo pokhapokha pali umboni wakuti munthu anatenga ndalama kapena katundu mwachinyengo, ponena bodza limene ankalidziwa kuyambira pachiyambi.

Mphamvu ya mwini ndalama ili papepala. Lamulo lotchedwa Bills of Exchange Act limazindikira kalata yolonjeza kulipira ngati ili ndi zinthu izi: lonjezo lopanda mawu akuti "ndikapeza" kapena "nsomba zikagulidwa", kuchuluka kwenikweni kwa ndalama, amene adzalandire, nthawi yolipira, ndi saini ya wolonjezayo. Pepala longovomereza ngongole silifika pamenepo, komabe ndi umboni wothandiza. Mauthenga a pafoni ndi malisiti a Airtel Money kapena Mpamba nawonso ndi oyenera kusungidwa.

Lamulo lomweli ndilo limayang'anira macheke. Wolandira cheke ayenera kuchipereka kubanki msanga, pakuti mabanki salandira cheke chimene chatha miyezi 6. Banki ikakana kulipira, mwina chifukwa muakaunti mulibe ndalama zokwanira, chekecho chimabwezedwa ndi chifukwa chake. Apa nthawi ndi yofunika kwambiri. Wolandirayo ayenera kudziwitsa amene analemba cheke, komanso aliyense amene anasaina kumbuyo kwake pochipatsira kwa wina. Ngati onse akukhala malo amodzi, uthenga uzifika pofika tsiku lotsatira. Ngati ali kutali, uzitumizidwa tsiku lotsatiralo. Wosaina kumbuyo akapanda kudziwitsidwa panthawi yake, lamulo lingathe kumumasula. Wolemba cheke popanda ndalama kubanki sapulumuka mwanjira imeneyi, koma kumudziwitsa polemba kumatseka pakamwa pa wofuna kudzakana. Cheke chenichenicho chisabwezedwe kwa mwini wake ndalama zisanaperekedwe, chifukwa ndicho umboni waukulu.

Chotsatira ndi kalata yoitanitsa ndalama. Izitchula kuchuluka kwa ngongole, gwero lake, tsiku limene inayenera kulipiridwa, ndi masiku amene wangongole akupatsidwa nkhani isanapite kukhoti. Isakhale ndi mawu oopseza kapena onyoza. Mwini ndalama asunge ina yofanana nayo, ndipo poipereka pakhale mboni. Nkhani ikakambidwa pabwalo la mfumu n'kugwirizana za kalipiridwe, zimene agwirizanazo zilembedwe ndi kusainidwa.

Zikakanika, dandaulo limakaperekedwa kukhoti la majisitireti ku Salima, kumene kuli ndondomeko yapafupi ya milandu ya ndalama zochepa, yosalira loya. Khoti limatulutsa chisamani, limamva mbali zonse ziwiri, ndipo wangongole akanyozera chigamulo, masherifu ndi amene amatumidwa kukagwira katundu wake. Osowa ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Wangongole naye ali ndi chitetezo. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso, monga ya katapila, ndi kuchepetsa ndalama zoyenera kubwezedwa. Koma asaiwale kuti kuchokera pamene lamulo la Credit Reference Bureau Act linakhazikitsidwa mu 2010, mbiri ya anthu osabweza ngongole za kumabanki imasungidwa, ndipo ingamutsekere mwayi wodzabwerekanso.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma pamaso pa khoti ngongole imawola. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zokha zosumira munthu pa nkhani ya pangano, kuwerengera tsiku limene ndalama zinayenera kulipiridwa. Wangongole akalipirako pang'ono, kapena akavomereza ngongoleyo polemba ndi kusaina, zakazo zimayambanso kuwerengedwa. N'chifukwa chake kobiri iliyonse yolandiridwa iyenera kulembedwa, pamodzi ndi tsiku lake.