Diso likafiira pambuyo pa ngozi ya njinga, musathamangire mankhwala opaka

Kuchokera pomwe matenda a maso ofiira anavuta m'dziko muno mu 2024, diso lililonse lofiira tikulitcha "pinki ayi". Wina amagula mankhwala opaka pagolosale, wina amadonthezamo madzi a mchere, n'kumadikira kuti lipola lokha. Nthawi zambiri limapoladi. Koma lilipo diso lina lofiira limene gwero lake lili m'kati mwa chigaza, ndipo ndikaona njinga zamoto zikutsika ku Tsangano zitasenza matumba a kachewere, wokwera alibe chipewa, ndimaganiza za diso limeneli.

Kuseri kwa diso kuli kadziwe komwe magazi ochokera m'diso amasonkhana asanabwerere kumtima. Pakati pa kadziweko pamadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo. Munthu akamenyetsa mutu, chigaza n'kusweka chapansi pake, mtsemphawo utha kung'ambika. Magazi amphamvu aja amakhuthukira m'kadziwe, ndipo m'malo mochoka m'diso amayamba kubwerera komweko. Madokotala vutoli amalitcha carotid-cavernous fistula.

Chovuta chake n'chakuti zizindikiro sizibwera tsiku la ngoziyo nthawi zonse. Pamatha masiku, mwina masabata. Mabala apola, munthu wabwerera kudimba, kenako diso limodzi layamba kufiira ndi kutong'oka. Ndani angakumbukire za njinga ija?

Mnyamata wina wa kabaza kwathu kuno anandiuza kuti usiku ankamva "shuu, shuu" m'mutu, phokoso loyendera limodzi ndi kugunda kwa mtima. Abale ake ankati walodzedwa. Chonsecho phokosolo ndi magazi odutsa pong'ambika paja, ndipo dokotala atha kulimva ataika pachikope chotseka chida chija amamvetsera nacho pachifuwa. Apa ndi pamene pamandipatsa chidwi: kupima koyamba kwa vuto lalikulu chonchi sikulira magetsi kapena makina. Kumangofuna kuti wachipatala afunse ngati munavulalapo mutu, ndiye amvetsere.

Kusiyanitsa kwake si kovuta kwenikweni. Maso ofiira opatsirana amayabwa, amatulutsa misozi kapena manthongo, kawirikawiri amagwira maso onse awiri, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amatha. Linali silisintha ndi mankhwala opaka. Timitsempha ta pamalo oyera a diso timatupa n'kupotana, zinthu zimaoneka ziwiriziwiri, ndipo nthawi zina diso limachita kugunda. Palinso mtundu wina wobwera popanda ngozi, makamaka kwa amayi achikulire ndi anthu a BP. Umenewo umayenda mwakachetechete, phokoso mwina osamveka.

Kutsimikiza ndiye kumafuna zipatala zazikulu. Akatswiri a maso, monga a ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena a ku Kamuzu Central ku Lilongwe, amayeza mphamvu ya madzi m'diso n'kuona kuseri kwake. Kenako pamafunika CT kapena MRI, yomwe imaonetsa mtsempha wa pamwamba pa diso utakula. Kupima komaliza ndi angiography: amalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa m'mphechepeche, kuthira mankhwala ooneka pachithunzi, n'kuona malo enieni pomwe pakudontha. Njira yomweyo ndi imene amadutsamo potseka bowolo. Mabowo ena ang'onoang'ono amatsekeka okha, koma akuluakulu akalekereredwa amakweza mphamvu ya madzi m'diso mpaka munthu kuchita khungu.

Kwa munthu wa ku Tsangano, ulendo wake ndi wautali: chipatala chaching'ono, kenako ku boma la Ntcheu, kenako kalata yopitira mtawuni, ndalama ya thiransipoti ikuchokera pa kachewere yemweyo. N'chifukwa chake pamzere woyamba uja musamangoti "diso likundiwawa". Nenani kuti munagwa panjinga mwezi wakuti, ndipo ngati mukumva phokoso m'mutu, nenaninso ngakhale sanakufunseni.