Mwala wa ku Magomero uli ndi wotchi m'kati

Anzanga, mukamadutsa kwa oswa miyala kuno ku Magomero, tolani mwala wamizeremizere yakuda ndi yoyera. Akatswiri amautcha gneiss, ndipo timibulu takuda tonyezimirato nthawi zambiri ndi hornblende, wa m'banja la amphibole.

Miyala imeneyi inaphikidwa pansi penipeni zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, zigawo za dziko zikugundana n'kupanga Gondwana.

Nanga zakazo amaziwerenga bwanji? Mu hornblende muli potaziyamu-40 amene amatha pang'onopang'ono, theka lake pa zaka 1.25 biliyoni, wina n'kusanduka mpweya wa argon. Mwala ukakhala wotentha kwambiri, argon amathawa. Ukazizira kufika madigiri pafupifupi 500, amatsekeredwa m'kati, wotchi n'kuyamba. Ku labu amayeza kuchuluka kwa ziwirizi n'kupeza zaka. Poyerekeza, phiri la Mulanje ndi mwana wadzulodzuloli: zaka pafupifupi 130 miliyoni basi.

Zikutikhudza bwanji? Mwala wophikidwa chonchi susunga madzi ngati mchenga. Madzi amangopezeka m'ming'alu ndi pamene mwalawo wafumbutuka. N'chifukwa chake mjigo wokumbidwa mwachisawawa suchedwa kuphwa. Okumba akabwera m'mudzi mwanu, afunseni kaye: malowa mwapima?