Mphindi 8 zomwe zinkasocheretsa ma ambulansi ku England

Kwa zaka zoposa 40, oyendetsa ntchito za ambulansi ku England ankagona ndi kudzuka ndi nambala imodzi: mphindi 8. Muyezowu unayamba mu 1974, ndipo pofika m'zaka za m'ma 2000 lamulo linali lakuti mwa odwala 100 alionse omwe moyo wawo uli pachiswe, 75 azifikiridwa zisanathe mphindi 8 achibale akaimba nambala yoitanira ambulansi ya 999.

Nambalayi inali ndi pogwira. Munthu amene mtima wake wasiya kugunda safuna zodikira, chifukwa mphindi iliyonse yodutsa popanda womupopa pachifuwa imamuchotsera mwayi wopulumuka. Vuto linali lakuti pafupifupi theka la mafoni onse ankaponyedwa m'gulu la mphindi 8, chonsecho odwala ofunikadi liwiro lotere ndi ochepa zedi. Wolandira foni ankapatsidwa masekondi 60 okha kuti amvetse vuto wotchi isanayambe kuwerenga. Masekondi 60 n'chiyani kwa mayi amene akulankhula uku akulira, mwamuna wake ali thapsa pansi?

Mabungwe a ambulansi anangophunzira kusangalatsa wotchi. Ankathamangitsira magalimoto awiri kapena atatu kwa wodwala mmodzi kuti yofika msanga iimitse wotchiyo, enawo n'kubwerera panjira. Ankatumizanso wachipatala mmodzi pa njinga yamoto kapena pa kagalimoto, ndipo akangofika pakhomo m'mabuku munkalembedwa kuti zatheka. Komatu wodwala sitiroko sangachire ndi wachipatala wobwera pa njinga. Amafunika ambulansi yomunyamula kupita kuchipatala komwe akamujambule mutu, ndipo ambulansi imeneyo inkatha kuchedwa ndithu. Choipa china n'chakuti wodwala akangopitirira mphindi 8 asanafikiridwe, pa muyezo wa mphindi 8 zinali chimodzimodzi kaya adikira mphindi 9 kapena ola lathunthu.

Mu July 2017, bungwe loyang'anira zaumoyo la NHS England linasintha ndondomekoyi akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield atasanthula mafoni pafupifupi 14 miliyoni. Odwala anagawidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba, monga la omwe mtima waima, liyenera kufikiridwa m'mphindi 7 pa avereji, ndipo 90 mwa 100 alionse zisanathe mphindi 15. Gulu lachiwiri, momwe muli odwala sitiroko ndi ambiri odwala mtima, ndi mphindi 18 pa avereji, 90 mwa 100 zisanathe mphindi 40. Magulu otsalawo amawerengeredwa maola awiri ndi atatu. Kupatula pa gulu loyamba, wolandira foni tsopano ali ndi mphindi zofika 4 zofunsira mafunso, ndipo wodwala akakhala wofunika kunyamulidwa, wotchi imaima pokhapokha galimoto yomunyamulayo itafika. Odwala ena amangolangizidwa pafoni, ena amathandizidwira pakhomo, ambulansi n'kupita kwa wina.

Kuyeza kwatsopanoku kunaonetsa chilungamo, ndipo chilungamocho chinawawa. Mu December 2022, odwala a m'gulu lachiwiri ankadikira ola limodzi ndi theka pa avereji, m'malo mwa mphindi 18.

Chomwe chinachedwetsa kwambiri ma ambulansi sichinali msewu, koma khomo la chipatala. Lamulo limati wodwala azilandiridwa pasanathe mphindi 15 ambulansi ikafika. Koma mawodi anali odzaza, mwa zina chifukwa okalamba ochira ankasowa owasamalira akatuluka. Odwala atsopano analibe bedi, choncho ma ambulansi ankandanda panja kwa maola ambiri wodwala ali m'katimo, pomwe mafoni ena a 999 akulira. Ambulansi yoima pamzere singathamangire wina aliyense, ngakhale woyendetsa wake atakhala katswiri chotani.

Mu January 2023, boma ndi NHS England analengeza pulani yokonzanso zinthu. Muyezo wa mphindi 18 sanauchotse, koma anaika wina wongoyembekezera wa mphindi 30 woti mabungwe ayambe kaye aukwanitsa.