Mutu 6: Mbiri Imafuna Mboni

Chaka chilichonse pa 3 Malichi, mafoni a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 amadzaza ndi mauthenga okumbukira anthu amene anafera ufulu wa dziko lino. Wina amati anaphedwa anthu makumi awiri, wina amati mazana, winanso amatumiza chithunzi cha asilikali chosadziwika kumene chachokera n'kunena kuti ndi ku Nkhata Bay. Tikhulupirire uti? Pabwalo la mfumu funso lotere silivuta. Munthu akayamba ndi mawu oti "ndinamva kuti", nduna zimamukhazika pansi n'kuitana amene analipo. Mbiri ya dziko nayonso ndi mlandu, ndipo imafuna mboni.

Mboni za mbiri ndi zinthu zimene zinapangidwa pa nthawi yomwe nkhani inkachitika: kalata, lipoti la boma, nyuzipepala ya tsikulo, chithunzi, nyimbo yojambulidwa, kapena mawu a munthu amene anaona ndi maso. Buku la kusukulu ndi lofunika, koma wolemba wake anachita kumva kapena kuwerenga. Wofuna kudziwa zenizeni amapyola bukulo n'kukafika kumene madzi akutumphuka.

Tiyese ndi nkhani ya 1959

Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Dr Hastings Kamuzu Banda anamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Boma linati chipani cha Nyasaland African Congress chinakonza chiwembu chopha azungu ambiri. Kenako boma la Britain linatuma woweruza Patrick Devlin ndi anzake kudzafufuza. Lipoti lawo, la mu Julayi 1959, linati anthu akuda 51 anaphedwa, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay, ndipo silinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chimene boma linkanena.

Pa 28 Julayi chaka chomwecho, aphungu a ku London anakangana za lipotilo. Zonse zimene anayankhula zili mu Hansard, kaundula wa nyumba ya malamulo ya kumeneko, ndipo mwana wa fomu 3 ku Chinsapo angathe kuziwerenga pafoni ndi bando ya tsiku limodzi. Akawerenga, adzaona kuti mboni zikusiyana: bwanamkubwa akunena zake, woweruza zake, ndipo anthu a ku Nkhata Bay mpaka lero amatchula chiwerengero chokulirapo cha abale awo ophedwa. Apa mpamene kuphunzira kumayambira. Funsani mboni iliyonse: walemba ndani, liti, akulembera yani, ndipo akuteteza chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhokwe zili kuti?

Nkhokwe yaikulu ya zikalata zathu ndi National Archives of Malawi ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Koma mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba komweko pamodzi ndi mafayilo ambiri akale. N'chifukwa chake mbiri ya zaka zoyambirira za utsamunda imafufuzidwanso m'makalata a amishoni ndi m'mabuku osungidwa kunja. Intaneti yafupikitsa ulendowu. Pa Livingstone Online mungaone makalata a David Livingstone m'zolemba za dzanja lake. Endangered Archives Programme ya British Library inathandiza kujambula zikalata zakale za m'maboma a dziko lino. Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal, ili pa JSTOR. Malamulo ndi zigamulo za makhoti zili pa MalawiLII.

Pofufuza, kumbukirani kuti mayina anasintha. Dziko lino linkatchedwa British Central Africa mpaka 1907, kenako Nyasaland mpaka 1964. Mukalemba Mangochi osapeza kanthu, lembani Fort Johnston. Nsanje inali Port Herald, Chitipa inali Fort Hill, Thyolo ankailemba Cholo. Dzina limodzi lakale limatsegula khomo limene linaoneka lokhoma.

Kumbukiraninso kuti zambiri mwa zikalatazi analemba ndi atsamunda. John Chilembwe, amene anaukira boma pa 23 Januwale 1915, m'mafayilo awo ndi chigawenga. Ife nkhope yake tinaiika pandalama. Choncho funafunani mawu a eni nthaka, monga a Samuel Josiah Ntara, amene anasonkhanitsa zonena za akuluakulu m'buku la Mbiri ya Achewa.

Mboni zimene zili m'nyumba mwanu

Pali mbiri ina imene intaneti ilibe. Mabuku amanena kuti bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndi kuti likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Koma sanena mmene banja lanu linapezera poloti ku Area 23, kapena amene anayamba kumanga ku Mgona pofunafuna ntchito ku Kanengo, kapena midzi imene inasamutsidwa kuti mzinda ukule.

Nkhani zimenezo zili m'sutikesi ya agogo kunsi kwa bedi. Itseguleni mwaulemu, eni ake ali pomwepo. Mudzapeza khadi la chipani lofwifwa, limene munthu ankalionetsa polowa mumsika. Lisiti la msonkho. Khadi la ubatizo lolembedwa ndi inki. Mwinanso mapepala a Wenela a agogo aamuna amene anakakumba miyala ku Joni. Pepala lililonse lili ndi deti ndi chidindo, ndipo ndi mboni yofanana ndi za ku Zomba zija.

Lijambuleni ndi foni pamalo owala, mbali zonse ziwiri. Khalani pamphasa, muwapemphe agogowo kuti mujambule mawu awo, ndipo muwafunse zinthu zogwirika: "Agogo, pa referendamu ya 1993 munakavotera kuti? Munaima pamzere ndi yani?" Lembani dzina lawo, mudzi wa kwawo ndi tsiku limene mwacheza. Chiswe ndi mvula sizidikira, ndipo nkhalamba ikagona imapita ndi zonse zimene sitinaifunse. Zikalata za ku London zidzakhalapobe chaka chamawa. Yambani ndi mboni imene yakhala pakhondepo lero.