Mau a Cingerezi Ochula Mtundu ndi Muyeso wa Zinthu

Ana ambiri a m'sukulu za pulaimale amaphunthwa pa timau ta Cingerezi timene eni ace amatinena tsiku ndi tsiku osaganizira konse. Cifukwa cace n'cakuti kawirikawiri liu limodzi la Cinyanja liimira mau awiri kapena atatu a Cingerezi.

Coyamba ndico mtundu. Mau awa "kind", "sort" ndi "type" onse atanthauza mtundu, ndipo atsatidwa ndi "of". Cinthu cikakhala ca mtundu umodzi, mwana anene "this kind of tree". Mitundu ikacuruka, anene "these kinds of trees". Polankhula, Angerezi amatinso "He is sort of tired", ndiko kuti akuoneka ngati watopa. Pamenepo palibenso za mtundu ai. Ndipo kanenedwe kotere nkoyenera pa maceza pokha, osati m'kalata kapena pa mayeso.

Caciwiri ndico muyeso. Bvuto lalikuru liri pa liu lathu lakuti "kwambiri", pakuti m'Cingerezi ligawika pawiri. "Very" angokuza cinthu, koma "too" asonyeza kuti capitirira muyeso, kotero kuti kanthu kena kalephereka. "The water is very hot" ndi madzi otentha kwambiri, koma "too hot to drink" ndi madzi osamweka. Tsono mwana wolemba kuti "My father is too old to work", pofuna kungonena kuti atate ace ndi okalamba, wanena kuti sangathenso kugwira nchito.

Pakati pa "pang'ono" ndi "kwambiri" pali "fairly" ndi "rather", amene afanana ndi "-ko" wa m'liu lakuti "cabwinoko". "Fairly" akonda kutsagana ndi zokondweretsa, monga "fairly clean". "Rather" ndi zosakondweretsa, monga "rather dirty". "Quite" ali ndi matanthauzo awiri: "quite right" ndiko kukhoza kotheratu, koma ku Britain "quite good" ndi cabwinoko cabe.

Mau otere salowa m'mutu mwa mwana ndi kuloweza kokha. Mphunzitsi abwere ndi nyemba, nzama ndi nandolo, ana azisankhe m'mitundu yace, nanene "three kinds of seed". Aikenso miyala inai pa gome, yosiyana kulemera kwace, wotsiriza ukhale woti mwana wamng'ono sangaunyamule ndi dzanja limodzi. Mwana amene walephera yekha kunyamula mwalawo sadzasokonezanso "very heavy" ndi "too heavy".