Alamu ya Pafamu: Kulidziwa Bokosi Lolamulira ndi Zovuta Zake

M'maboma a Petauke ndi Nyimba, chuma cha mlimi chimasonkhana m'nyumba imodzi kawiri pachaka: nthawi yokolola, pamene chimanga ndi mtedza zikudikira ogula kapena a Food Reserve Agency, ndiponso mu Okutobala ndi Novembala, pamene feteleza ndi mbewu zikudikira mvula. Mbala zimaidziwa kalendala imeneyi monga momwe ife timaidziwira. N'chifukwa chake ena mwa inu amene munatsiriza maphunziro mwaika alamu m'masitolo osungiramo zokolola ndi m'makola a nkhuku. Komatu alamu yolira popanda chifukwa imatopetsa anansi, ndipo usiku umene mbala idzabweradi, palibe adzadzuke. Mlimi ayenera kudziwa chimene chaliza alamu yake.

Mutu wa zonse ndi bokosi lolamulira. M'kati mwake muli bolodi ya magetsi ndi batire la mavoti 12, kawirikawiri la 7Ah. Ku bokosili kumalumikizidwa kabokosi ka manambala kamene timatsegulira ndi kutsekera alamu, saireni, ndi masensa. Masensa ofala ndi awiri: a maginito, oikidwa pa chitseko kapena zenera, ndi ozindikira kutentha kwa thupi loyenda. Bokosi limagawa famu m'mazoni, mwachitsanzo zoni 1 chitseko cha sitolo, zoni 2 khola la nkhuku. Lembani mndandanda wa mazoniwo ndi kuumata pafupi ndi kabokosi ka manambala, kuti alamu ikalira mudziwe kopita.

Masensa a waya safuna batire lawolawo ndipo sasokonezedwa ndi malata. Adani awo ndi makoswe amene amatafuna waya, chiswe, chinyezi, ndi khasu la wolima pamene waya wakwiriridwa mosazama. Kumapeto kwa waya aliyense kumaikidwa kachipangizo kotchedwa resistor, kamene kamathandiza bokosi kuzindikira ngati waya wadulidwa kapena wagundanitsidwa. Malo ake oyenera ndi pa sensa. Kakaikidwa m'bokosi momwemo, waya wonse umakhala wosalondedwa. Masensa opanda waya amalankhula ndi bokosi pa wailesi, nthawi zambiri pa 433 kapena 868 MHz. Ndi abwino pa khola lotalikirana ndi nyumba, koma zipupa za malata, thanki ya madzi ndi zitseko zachitsulo zimafooketsa uthenga wawo, ndipo batire lawo laling'ono limatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Mabokosi ambiri amakono, monga a Paradox ndi DSC ochokera ku Canada kapena a IDS a ku South Africa, amalandira mitundu yonse iwiri.

Vuto lalikulu kuno kwathu ndi magetsi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi a ZESCO ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Batire la 7Ah linapangidwira kuzima kwa kanthawi. Likamaphwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, limafa m'miyezi yochepa. Kutentha nakonso kumalidya: kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, moyo wake umachepa ndi theka. Anzathu a ku Nyimba, kufupi ndi chigwa cha Luangwa, asakhomere bokosi pafupi ndi denga la malata. Poyesa ndi mita, batire limene likutchajidwa lisonyeze mavoti pakati pa 13.5 ndi 13.8. Likachotsedwa n'kusonyeza ochepera 12, laphwa kapena lafa. Amene ali ndi sola achita bwino kulumikiza alamu kumeneko.

Nyali ya vuto ikayaka pa kabokosi ka manambala, musathamangire kuzimitsa alamu yonse. Bokosi limanena lokha chimene chavuta. Pa DSC timadina nyenyezi kenaka 2. Likati magetsi palibe, onani soketi ndi thiransifoma. Likati zoni yatseguka pamene chitseko n'chotseka, onani ngati chitsekocho sichinapindike ndi chinyezi cha dzinja, n'kutalikitsa maginito ndi sensa. Kenaka tsatirani waya wonse ndi maso. Likati sensa yopanda waya yasowa, yambani ndi batire lake. Uthenga ukaleka kufika pa foni yanu, onani ngati SIM khadi ya MTN, Airtel kapena Zamtel ili ndi mayunitsi, pakuti khadi yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa.

Kulira kwachabe kumachokera kawirikawiri kwa nalimata woyenda pa sensa, kangaude woluka ukonde patsogolo pake, mileme, makoswe, kapena dzuwa lolowera pa zenera. Pukutani sensa, itembenuzeni isayang'ane zenera, ndipo m'khola la nkhuku gwiritsani ntchito maginito a pa chitseko okha. Mphenzi ikagunda pafupi, yesani mazoni onse, chifukwa waya wautali wa panja ndiwo umalowetsa mphamvu yake m'bokosi. Zokhudza waya wa magetsi a ZESCO zisiyireni amisiri.

Madzi akatayika saoleka. Tikulangiza kuti Lachisanu lililonse masana, Sabata lisanayambe ndi famu kutsala yopanda anthu m'mawa mwake, mudziwitse anansi kuti mukuyesa, mutsegule chitseko chilichonse ndi kumva saireni. Lembani m'kaundula wa famu tsiku limene batire lililonse linaikidwa, ndipo wantchito akasiya ntchito, nambala yachinsinsi isinthidwe tsiku lomwelo.